Galimoto yandigwira mtima, koma wogulitsa anatsala pang'ono kundibweza

Zaka zitatu ndakhala ndikusunga ndalama za Mazda MX-5, kagalimoto ka mipando iwiri kaja kotsegula denga. Nditamva kuti pamalo ena ogulitsa magalimoto oyendapo kale pali ya 2019 ya injini ya malita 2.0, ndinaimba foni n'kupangana nawo tsiku lokaiyesa. Mtengo wake si wamasewera, ndiye sindikanatulutsa ndalama ndisanagwire chiwongolero.

Nditafika, mnyamata wogulitsayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kusuzumira kumbuyo kwanga. "Mayi, abambo afika nthawi yanji?" Ndinamuuza kuti wogula ndine. Anaseka, n'kuyamba kundikokera ku chigalimoto chachitali cha mipando 7, ati ndicho chondiyenera. Nditakana anati, "Komatu iyi ndi ya magiya apamanja. Mukaotcha kilachi mulipira." Zinandiwawa kwambiri. Ndayendetsa magalimoto a magiya zaka 16, lero mwana wadzulodzuloyu azindiopseza ndi kilachi? Kuwonjezera apo ankafuna kuti tingozungulira mpanda wawo basi. Ndinakanitsitsa, ndinati ndikufuna theka la ola komanso msewu wokhotakhota. Anapita kukafunsa bwana wake n'kundisiya chiimire padzuwa mphindi 40, ngakhale mpando osandipatsa.

Ndinalowa m'galimotomo ndili wokwiyabe. Umakhala pansi kwambiri, miyendo yotambasula, ndodo ya magiya ili pomwe dzanja lagwera. Ndodoyo ndi yaifupi, umangoikankha ndi zala giya n'kulowa. Denga ndinatsegula ndekha ndili pampando: kumasula chokolera chimodzi pamwamba pa galasi, kukankhira kumbuyo ndi dzanja limodzi, basi latha.

Chomwe chandilembetsa ndemangayi chinachitika pamtsetse wina. Tinafika pakona yothina, ndinachoka giya yachitatu kulowa yachiwiri, ndikupotoza chiwongolero. Galimoto inakhota nthawi yomweyo, osapendama, osazengereza, ngati yamva zomwe ndikuganiza. Titangotuluka pakonapo, patsogolo pathu pali chinthambi chachikulu chagwera mumsewu. Mnyamata uja anakuwa, manja onse ali pachitseko. Ndinaponda buleki, mphuno ya galimoto inatsika pang'ono chabe, ndinaikhotetsa n'kudutsa pambali pa nthambiyo, kenako n'kubwerera kumbali yanga. Kumbuyo sikunaterereke. M'manja ndinkamva bwinobwino pomwe matayala akutsogolo aponda, ngakhale timiyala tomwe tinali m'mphepete. Mtima unkagunda, koma mantha analibe malo, chifukwa galimoto inkachita zomwe ndaiuza, osawonjezera kapena kuchepetsa. Chigalimoto chija ankandikakamiza chikanafuna mtunda wautali kuti chiime, poti chalemera kwambiri.

Nkhani yonse yagona pa kupepuka. MX-5 imangopitirira pang'ono makilogalamu 1,000. Kulemera kwake anakugawa pafupifupi theka kutsogolo theka kumbuyo, ndipo matayala akumbuyo ndiwo amakankha, akutsogolo ntchito yawo n'kukhota basi. Opanga anachotsa chilichonse chosafunika: tayala lililonse limamangidwa ndi manati 4 m'malo mwa 5, boneti ndi ya aluminiyamu, tayala lapadera mulibe. Mphamvu ya injini ndi horsepower pafupifupi 180, yomwe papepala sikuoneka yambiri, koma poti katundu woti ikoke ndi wochepa, ukaponda moto imanyamuka mosavuta, ndipo injiniyo imakonda kuikweza mpaka izizungulira kupyola ka 7,000 pa mphindi osadandaula. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake galimotoyi, chiyambire 1989, yakhala ikugulidwa mpaka chiwerengero cha zonse zopangidwa chinapyola miliyoni imodzi mu 2016.

Pobwerera mnyamata uja anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Mayi, pepani, ndinakudererani." Sindinayankhe msanga. Koma titaima anachita zomwe sindinayembekezere. Anandionetsa timabowo totulutsira madzi amvula kuseri kwa mipando, nati ndiziyeretsamo chifukwa masamba akatseka madzi amalowa mkati. Anandiuzanso yekha kuti matayala akumbuyo adyeka ndipo ndisavomere kuwatenga choncho. Wogulitsa wofuna kungolandira ndalama sakanaulula zimenezo. Mkwiyo unayamba kuphwa, ngakhale za mphindi 40 zija ndinamuuzabe bwana wake pamaso.

Amene mukuifuna, dziwiranitu kuti buti ndi ya malita 130, mumalowa tizikwama tiwiri tofewa. Denga ndi lansalu, ndiye pa liwiro lalikulu phokoso lamphepo limamveka. Ngati ndinu wamtali, khalanimo denga lili chitsekere muone ngati mutu sukugunda. Ine zonsezi ndinazidziwa ndisanapite ndipo sizinandibweze m'mbuyo. Chachikulu, musalole kuiyesa pamsewu wowongoka wokha, chifukwa ubwino wake umaonekera pokhota.

Ndalama yachikole ndapereka kale. Avomera kusintha matayala akumbuyo asanandipatse makiyi, ndipo ndauza bwana wawo kuti mnyamata yemweyo ndiye adzandiperekeze kukaitulutsa Lachisanu.