App, Facebook kapena FLO: za kachitsulo kakale mukafunse kuti?

Chiyambireni kuyenda ndi makina osakira zitsulo m'minda ya kuno ku Norfolk ku England, anzanga akutchalitchi sakundipumitsa: "Achimwene, zimene mumatolazo mumazizindikira bwanji?" Njira ndayesa zitatu: app ya pafoni, Facebook ndi FLO (mkulu wolembera zofukulidwa), ndipo imodzi ndili nayo chakukhosi.

Ndiyambe ndi yomweyo, app ya pafoni yozindikira makobidi. Tsiku lina m'munda wongokolola kumene ndinafukula kachitsulo kopyapyala, kachikasu. Mbali ina kanali ndi mpira wokhala ndi mtanda pamwamba, mbali inayo zisoti zachifumu zitatu zozungulira duwa. Ndinakajambula matope ali m'zikhadabo. App ija osachedwa n'komwe: khobidi lagolide lakalekale. Mtima unagunda. Koma kuti ndione mtengo wake, akuti ndiyambe "masiku atatu aulere", bola ndilembe nambala ya khadi la kubanki. Ndinalemba. Tsiku lachinayi anadula ndalama ya chaka chathunthu, osati ya mwezi, zomwe zinalembedwa m'timalemba ta pansi tija tosawerengeka popanda magalasi. Ndinawalembera kawiri, mpaka lero zii. Chowawa kwambiri n'chakuti yankho lawolo linalinso labodza.

Amene anandiwongola ndi bambo wina wachikulire pagulu la Facebook, pasanathe mphindi khumi. Anati si khobidi ayi, ndi jetton ya ku Nuremberg ku Germany, ya m'zaka za m'ma 1500 kapena 1600, yabulasi. Amalonda ankazisuntha pathabwa powerengera ndalama, ndipo m'minda ya ku England zili mbwee. Ndiye pa liwiro Facebook ilibe mnzake, komanso ndi yaulere. Vuto lake aliyense ndi katswiri. Wina pomwepo anati ndikanyike mu viniga. Musayerekeze. Asidi amadya khungu lobiriwira la pamwamba pa chitsulo chakale limene lasunga zilembo zaka zonsezi. Mkuwa ndimangoupala pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Yachitatu ndi FLO (Finds Liaison Officer), mkulu wolembera zofukulidwa m'dera lanu pansi pa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolembera zinthu zakale zimene anthu atola, imene inayamba mu 1997 ndipo ku England imayang'aniridwa ndi British Museum. Amachedwa, kunena zoona, katundu akhoza kukhala kwa iwo miyezi. Mtengo sakuuzani. Koma amayeza kulemera, amajambula, amalemba malo enieni pamene munakumba, n'kukubwezerani, popanda kulipira. Amakonda zopitirira zaka 300, choncho batani la dzana musawavutitse nalo.

Palinso lamulo, ndipo app ija sinalitchule n'kamodzi komwe. Treasure Act ya 1996 imati chinthu chopitirira zaka 300, chokhala ndi golide kapena siliva wosachepera 10 peresenti, muchinene kwa coroner, mkulu wa zamalamulo wofufuza nkhani zotere, pasanathe masiku 14. Makobidi ali ndi malamulo akeake, ndipo FLO ndiye amakuthandizani zonsezi. Scotland ili ndi dongosolo lina.

Masiku ano ndimafunsa pa Facebook ndili m'munda momwemo, chimene chaoneka chakale n'kupita nacho kwa FLO. Jetton ija ndinaipereka kwa mwini munda, ili pawindo la kukhitchini kwake.