Boti la faiba ndi injini ya 15 hp: injini ili bwino, koma penti ya kumbuyo inabisa thabwa lowola

Ndakhala nalo miyezi inayi tsopano ndiye nditha kulankhula. Ndi boti lakale la faiba la mamita 4 ndi theka lomwe linkatsatsidwa limodzi ndi injini ya 15 hp (hp ndi muyezo wa mphamvu ya injini) ya two stroke, mtundu uja wosakaniza petulo ndi oyilo. Ine ndinapereka mtengo wonse osachotsa olo pang'ono chifukwa bambo ogulitsawo anati pali wina akubwera ndi ndalama madzulo omwewo. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira mawu amenewo.

Tsiku logula maso anga onse anali pa injini. Aliyense amakuuza kuti pa boti laling'ono ndalama zambiri zili mu injini ndipo ndi zoona. Ndinayamba ndaigwira kuti ndione ngati sanailize ndisanafike, inali yozizira, kukoka chingwe katatu inalira, madzi akutuluka bwinobwino pa kabowo kaja kosonyeza kuti pampu ikugwira ntchito. Boti lenilenilo ndinangolizungulira kamodzi. Kumbuyo pomangirira injini, pa transom, penti inali mbee kuposa kwina konse ndiye ndinafunsa kuti bwanji apa pokha pakuwala, iwo amvekere ndinangopakako kuti lioneke bwino. Amanena zimenezi akundiyang'ana m'maso.

Sabata yachitatu tinanyamuka m'mawa ndi mng'ono wanga, tafika patali ndithu ndi gombe, ulendo wa theka la ola, mphepo inayamba ndiye ndinawonjezera moto kuti tibwerere msanga. Ndinangomva chogwirira cha injini chikuchita zachilendo m'dzanja, osati kunjenjemera kwa masiku onse kuja ayi, koma ngati injini yonse ikufuna kugonera chagada. Pocheuka ndinaona thabwa la kumbuyo likupindika, funde likagunda likubwerera, likagundanso likupindika, makalampu a injini atalowa mkati mwa faiba ndipo pomwe aluma pakufinyika madzi ofiirira ngati a dzimbiri. Pakona pomwe transom imakumana ndi mbali ya boti panali patatseguka mng'alu, madzi akulowa. Abale, ndinachita mantha omwe sindinachitepo pamadzi. Ndinachepetsa moto mpaka pansi, tinamanga injini ndi chingwe cha nangula ku mpando wapakati kuti ikathothoka isamire, mng'ono wanga akukapa ndi chigubu osapuma, ine dzanja lina pa chogwirira lina litagwira thabwalo ngati ndingaliletse kusweka. Majekete oyandamitsa tinali titavala inde koma mnyamatayu sadziwa kusambira bwino ndipo ndine ndinamutenga. Tinayenda pafupifupi maola awiri kuti tifike kumtunda, njira yonse osalankhulana.

Mawa lake ndinaitana mmisiri wa maboti. Sanachedwe nkomwe, anatenga sikuludiraiva nkumagogoda ndi chogwirira chake, m'mbali kukumveka ngo ngo kolimba, pakati kukumveka bu bu ngati ukugogoda chinthu chonyowa. Anaboola kabowo kakang'ono chamkati, utuchi wotuluka unali wakuda, wonyowa, wonunkha chuku. Ndi pomwe anandifotokozera kuti maboti ambiri a faiba transom yake mkati muli pulayiwudi, faibayo ndi khungu chabe, madzi amalowera m'mabowo a mabawuti ndi masikulu osamatidwa bwino ndiye thabwa limawola pang'onopang'ono kwa zaka kunja kukuoneka bwino. Ndikanatha kunena kuti mwina ogulitsa sankadziwa. Koma atapala penti yatsopano ija tinapeza ming'alu yakale itamatidwa ndi fila wa magalimoto, wopalidwa bwino mosamala kuti asaoneke. Munthu sumata chinthu chomwe sunachione. Ankadziwa, ndipo anandisiya ndipite nalo pamadzi.

Chomwe chikundipweteka kwambiri nchakuti kuyeza kwake ndi kwa mphindi imodzi. Umapendeketsa injini m'mwamba, nkukanikiza mwendo wake, mbali ya kumunsi komwe kuli pulopela, pansi ndi thupi lako uku ukuyang'ana thabwalo, likangosuntha kapena ming'alu ikayasama ndiye kuti mkati mwatha. Palibe chida chofunika, ndipo mwini wake wachilungamo sangakukanize.

Nditawaimbira ogulitsa aja anandiyankha kuti boti lakale ndi lakale, munaliona nokha. Kuyambira tsiku limenelo foni sayankha.

Ndinali nditakwiya moti ndinkafuna kungogulitsa zonse pa mtengo uliwonse, koma mmisiri uja anati dikirani kaye achimwene tiyeze injiniyi tione ngati nayonso ili ndi zobisika. Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo ngakhale sindikufuna kuwayamikira bambo aja. Compression, mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya, inapereka 120 silinda ina, 117 inayo, ndipo akuti chofunika kwambiri si nambalayo koma kuti masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Oyilo wa m'giya atamutsitsa anali wakuda chifukwa chokhalitsa koma osati woyererako, chifukwa akayera ndiye kuti madzi akulowa pa ma seal, timalabala totchinga madzi, ndipo pa kasikulu kotsitsira panalibe tizidutswa ta chitsulo. Titachotsa pulopela tinapeza twaini pang'ono atakulungika pa shafti koma anali asanadye seal. Serial number ili pa malo ake, yosapalidwa. Shafti ya mwendo wa injini ndi yaifupi ya mainchesi 15 yogwirizana ndi kutalika kwa transom, zomwe ena amalakwitsa nkugula ya mainchesi 20 pa boti losayenera. Tinangosintha impela (kalabala kozungulira ka mu pampu ya madzi), mapulagi ndi oyilo wa m'giya basi. Injiniyi inasamalidwa, pamenepo sananame, ndipo kuyambira pomwe tinakonza boti imalira m'mawa uliwonse popanda vuto, ndimangosakaniza petulo ndi oyilo 50:1, magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo. Mmisiri anati iyo yokha ikhoza kubweza magawo awiri mwa atatu a ndalama zomwe ndinapereka. Nditamva zimenezo mtima unakhalako pansi, sanandibere zonse.

Koma anandiberabe. Kuchotsa thabwa lowola lonse, kuika latsopano nkumatanso faiba kwanditengera pafupifupi kota ya mtengo uja, osawerengera masabata atatu omwe boti linali pamtunda. Ndiye mtengo woyenera unali uja kuchotsa kota imeneyo, ndipo akanandiuza poyera kuti kumbuyoku kwawola ndikanagulabe, tikanangogwirizana. Cholakwika changa chinali kuwerengera boti ndi injini ngati chinthu chimodzi. Panopa ndikamaona la wina ndimafunsa kuti injiniyi payokha ingagulidwe bwanji, botili palokha lingagulidwe bwanji, potengera zomwe anthu agulitsadi osati zomwe amalemba potsatsa chifukwa pamenepo aliyense amalemba zomwe akulakalaka, kenako nkuchotsa ndalama zokonzera chilichonse chomwe ndapeza. Zinthu ngati nangula, nkhafi ndi thanki ya petulo ndi zabwino kukhala nazo koma zisakukwezereni mtengo, ogulitsa amakonda kuziunjika kuti muone ngati mwapeza zambiri. Komanso musavomere kuti injini ingolira mu mgolo wa madzi, kanirirani kuti mupite nalo pamadzi muwonjezere moto wonse, chifukwa ine ndikanachita zimenezo thabwa lija likanapindika mwini wake ali pompo.

Botilo likuyenda bwino tsopano, silipendama pendama, anthu awiri ndi katundu wathu limanyamula popanda dandaulo. Injini ndikanaigulanso mawa lomwe. Kwa bambo aja ayi, sindingabwererenso ndipo mnzanga aliyense wondifunsa ndimamuuza chifukwa chake. Chidutswa cha thabwa lowola lija ndachisunga mu jumbo, tsiku lomwe adzayankhe foni ndikufuna ndikawaonetse achigwire okha, kenako tikambirane za kota ija.