Kalata ya ku Cody inandithandiza pa Winchester yanga yakale

Ndimakhala ku America ndipo ndimakonda kusunga mfuti zakale, makamaka za Winchester 1892 za mpope waufupi zomwe amazitchula kuti Trapper. Kuno lamulo la National Firearms Act limafuna kuti mfuti yotere, ngati mpope wake sukwana mainchesi 16, ilembetsedwe ku ATF, bungwe la boma loona za mfuti. Yanga ndi ya mainchesi 15. ATF imatha kuichotsa pa lamulo limeneli ikatsimikiza kuti inatuluka choncho ku fakitale, osati wina anachita kuidula ndi sowo.

Apa m'pamene ofesi ya zolembedwa ya Cody Firearms Museum, malo osungirako ndi kuonetserako mfuti zakale mumzinda wa Cody ku Wyoming, imagwira ntchito yotamandika. Ndinawatumizira nambala ya mfuti, iwo anafufuza m'mabuku akale a kampani ya Winchester, n'kunditumizira kalata yonena tsiku limene mfutiyo inalowa m'nyumba yosungiramo katundu ya kampaniyo, tsiku limene inatumizidwa, komanso kutalika kwa mpope. Nditawerenga mzere wa mainchesi 15 uja, mtima unakhala pansi.

Ndalama zolipirira kalatayo sindikudandaula nazo. Mabuku a mfuti za Winchester 1892 alibe nambala zonse za mfutizi, choncho afunseni kaye a ku ofesiyo musanagule mfuti yotere.