AI ya ku kompyuta kapena AI ya ku bizinesi: mulembetse kuti?

Mayunivesite ambiri tsopano ali ndi maphunziro awiri okhala ndi zilembo zomwezi, AI (Artificial Intelligence, kutanthauza nzeru zopangidwa za makina). Ena amaphunzitsidwa ku dipatimenti ya kompyuta, ena ku sukulu ya bizinesi. Dzina ndi limodzi, koma zokakumana nazo m'kalasi n'zosiyana kwambiri.

Ku kompyuta amakulandirani ndi masamu: linear algebra, calculus, probability, pamodzi ndi kulemba mapulogalamu mu Python. Amene amabwera akuganiza kuti azikacheza ndi ChatGPT tsiku lonse amagwa mphwayi msanga. Masamuwo sikuti ndi nkhanza za aphunzitsi. Neural network, yomwe ili ngati ubongo wa makina ambiri a AI, ndi mulu wa manambala mamiliyoni ambiri. Makina akalakwitsa, amayeza kukula kwa cholakwacho, n'kusuntha nambala iliyonse pang'ono, n'kuyesanso, mobwerezabwereza. Kudziwa koti nambala isunthire ndi ntchito ya calculus. Wosadziwa zimenezi makina akhoza kuwayendetsa ndithu, koma tsiku lomwe ayambe kubwebweta, iye sadziwa pogwira. Yunivesite ya Carnegie Mellon ya ku Pittsburgh, yomwe inayamba kupereka digiri yoyamba ya AI ku America mu 2018, inaika maphunzirowa pansi pa sukulu yake ya kompyuta.

Ku bizinesi funso ndi lina. Safunsa kuti makinawa apangidwe bwanji, amafunsa kuti tiwaike pati ndipo atipindulira chiyani. Muphunzira statistics, SQL (chiyankhulo cha kompyuta chofufuzira data), kuwerenga data ya makasitomala, kulosera amene athawe ndi ngongole kapena katundu amene athe msanga m'nkhokwe. Wharton, sukulu ya bizinesi ya University of Pennsylvania, inatsegula nthambi yotere mu 2025.

Anthu a kompyuta amakonda kuwaderera anzawowa kuti amangodziwa kuyankhula. Apa ndiye amalakwa. Mu 2018 bungwe la nkhani la Reuters linaulula kuti Amazon inasiya makina osankhira ofuna ntchito chifukwa ankatsitsa amayi. Makinawo anaphunzitsidwa ndi makalata ofunsira ntchito a zaka 10, ndipo ambiri mwa makalatawo anali a amuna. Masamu ake sanaphonye kalikonse: anaphunzira bwino lomwe zimene anapatsidwa. Chinasowa ndi munthu wofunsa kuti data imeneyi ndi ya yani, nanga makina akalakwa avulale ndani. Mafunso otere ku bizinesi amawakhalira pansi. Ndipo poti lamulo la European Union la AI, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, linaika kulemba anthu ntchito ndi kuyeza oyenera ngongole m'gulu la zinthu zoopsa kwambiri, makampani akufuna anthu odziwa mbali imeneyi.

Komabe mutandifunsa ine, wachinyamata amene masamu samuthawa ayambire ku kompyuta. Zida zimakalamba msanga. Mu 2012 neural network yotchedwa AlexNet ya ku University of Toronto inasinthiratu momwe makina amazindikirira zithunzi. Mu 2017 akatswiri a Google anatulutsa transformer, mtundu watsopano wa neural network umene unadzakhala maziko a ChatGPT. Mu Novembala 2022 kunabwera ChatGPT. Amene anayamba digiri mu 2019 n'kuloweza zida za nthawiyo anamaliza zinthu zitasuntha kale, pamene calculus ndi probability zili pomwe zinali. Chinanso, wa kompyuta amatha kuonjezera za bizinesi pambuyo pake, ali kale pa ntchito. Wa bizinesi kuti abwerere kukaphunzira linear algebra ali ndi banja komanso ntchito ya m'ofesi, ndi chintchito.

Koma ngati muli kale ku banki, ku inshuwalansi kapena ku akaunti, musadzivute. Chuma chanu ndi kudziwa ntchitoyo, ndipo njira ya bizinesi ikukwanirani.

Kulikonse komwe mungasankhe, musakopeke ndi dzina la digiri, pakuti ena angomata zilembo ziwirizi pa maphunziro akale. Pemphani ndandanda wa makosi onse. Ku kompyuta werengani makosi a masamu, ndipo funsani ngati ophunzira amapatsidwa mwayi wa ma GPU, zipangizo zamphamvu za kompyuta zophunzitsira makina. Ku bizinesi funsani ngati mudzalembako nokha pulogalamu, ngakhale yaifupi, komanso ngati pulojekiti yomaliza imagwiritsa ntchito data yeniyeni ya kampani, yokhala ndi mipata ndi zolakwika zake, osati yosesedwa kale ya m'buku.