Aranet4, kachipangizo koyeza mpweya m'kalasi

Kukazizira mazenera amatsekedwa, ndipo m'chipinda cha ana 40 mpweya umaipa msanga. Mphuno imazolowera, mphunzitsi osazindikira, ana n'kumangoyasamula. Aranet4, kabokosi kokwana m'dzanja kopangidwa ndi kampani ya SAF Tehnika ya ku Latvia, kamaonetsa vutoli m'manambala. Kamayeza carbon dioxide amene anthu amatulutsa popuma, kutentha ndi chinyezi.

Ubwino wake waukulu ndi sensa ya NDIR, yoyeza carbon dioxide weniweniyo ndi kuwala kwa infrared. Zida zotsika mtengo zambiri zimangopenekera, moti wina akathira sanitaiza m'manja nambala imalumpha. Aka ayi. Kamayendera mabatire awiri a AA, ndiye sikafuna soketi.

Panja nambala ya carbon dioxide imakhala pafupifupi 420 ppm (magawo 420 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya). Pansi pa 1000 chizindikiro chimakhala chobiriwira, kufika 1400 chachikasu, kupitirira apo chofiira. Koma mukakaika polakwika kadzakunamizani. Pafupi ndi zenera kapena chitseko kamawerenga mpweya wa panja, pamene pa desiki la mwana kamawerenga mpweya wa m'kamwa mwake. Kaikeni pakhoma la mkati, mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pansi, kutali ndi hita. Kakonzeni kuti kaziyeza mphindi ziwiri zilizonse. Mphindi 10 n'zochedwa pa phunziro limodzi.

Phindu lake limaoneka hita ikayatsidwa. Chikasu chikangoyamba, tsegulani pang'ono mazenera a m'mwamba, makamaka a mbali ziwiri zoyang'anizana. Mpweya wozizira umasakanikirana ndi wofunda wa kudenga usanafike m'makosi mwa ana. Akatuluka kukapuma, tsegulani onse kwa mphindi zisanu. Makoma amasunga kutentha, chipinda chimafundanso msanga. Ngati zonsezi zachitika koma nambala ikukanirira pa chofiira, vuto ndi kamangidwe: mipata yolowera mpweya ndi yochepa, pakufunika mazenera ena kapena fani yokoka mpweya kunja.

Zofooka zilipo. Fumbi ndi utsi sikayeza. Bluetooth yake siifika patali, choncho kuti muone mbiri ya tsiku pa foni muyenera kuyandikira chipindacho. Choopsa n'chakuti sikamva carbon monoxide. Kalasi yotenthetsedwa ndi hita ya gasi kapena palafini yopanda chumuni ingakhale ndi mpweya wakuphawu, wopanda fungo. Chipinda chotere chikufunika alamu yakeyake ya carbon monoxide.