Mawu akuti "wrought": foni, dikishonale kapena Baibulo?

Aliyense amene amadutsa ku Kalingalinga mu Lusaka, kumene amisiri owotcherera zitsulo amandandika mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ayenera kuti anamvapo za "wrought iron". Mawu omwewo amatulukanso m'nyuzipepala nthawi ya dzinja madzi akasefukira ku Kanyama, mtolankhani n'kulemba kuti "the floods wrought havoc", kutanthauza kuti chigumula chinawononga kwambiri. Mwana wa mlongo wanga, amene ali mu Giredi 12, atandifunsa kuti geti ndi chigumula zikukumana pati, ndinayesa njira zitatu, ndipo sizinandithandize mofanana.

Pulogalamu yomasulira ya pafoni ndi yachangu, ndipo imangodya kabandulo kochepa, koma ubwino wake wathera pomwepo. Inandipatsa tanthauzo lina pa geti, lina pa chigumula, osandiuza kuti ndi mneni mmodzi yemweyo.

Dikishonale ya ophunzira ya Oxford Advanced Learner's, imene A. S. Hornby anaiyambitsa ndipo Oxford inaisindikiza koyamba mu 1948, ndiyo inamasula mfundo. Imanena kuti "wrought" ndi kalembedwe kakale ka "work" m'nthawi yapita, ndiponso kuti masiku ano amapezeka m'zolemba zaulemu kapena zaluso, kutanthauza kuchititsa chinthu, makamaka kusintha. Munthu akadziwa zimenezi amaona yekha kuti mawuwa ndi a banja la "bring" ndi "brought", kapena "seek" ndi "sought", kungoti chilembo cha r chinasuntha malo, ndipo w samveka potchula. Chitsulo cha "wrought iron" ndiye kuti ndi chitsulo chosula, chimene chagwiriridwa ntchito ndi nyundo, kusiyana ndi chosungunula n'kuthira m'chikombole, ngakhale kuti mageti ambiri amene timawatchula dzinali lero ndi a chitsulo wamba chowotcherera. Dikishonaleyi ndi yolemera m'chikwama komanso m'thumba, ndipo zitsanzo zake n'zochepa. Wiktionary, imene ndi yaulere pa intaneti, imafotokoza zambiri za kumene mawuwa anachokera, koma wophunzira amasochera msanga m'matanthauzo akale amene sadzawagwiritsa ntchito.

Njira yachitatu anandikumbutsa ndi mkulu wina wa mpingo, ndipo ndiyo inandisangalatsa kwambiri: kutsegula Baibulo la King James la 1611 pambali pa Buku Lopatulika. Pa Numeri 23:23 pali funso lakuti "What hath God wrought!", mawu amene Samuel Morse anatumiza pa telegalafu kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore pa 24 May 1844. Ukawerenga vesi lomwelo m'chinenero chathu, umamva bwino kuti nkhani ndi ya zimene Mulungu wachita, ndipo kulemera kwa mawuwo kumakhazikika mu mtima kuposa mmene dikishonale ingachitire. Vuto lake n'lakuti Baibulolo limaphunzitsa Chingelezi cha zaka zoposa 400 zapitazo, moti mwana wosachenjezedwa akhoza kulemba kuti "I wrought hard yesterday" pa mayeso, wochonga n'kudula ndi cholembera chofiira.

Pali msampha umodzi umene foni ndi Baibulo sizinauulule. Anthu ambiri amaganiza kuti "wrought" ndi nthawi yapita ya "wreak" (kuchititsa chinthu choipa), chifukwa onse awiri amayenda ndi "havoc", pamene nthawi yapita ya "wreak" ndi "wreaked". Kusiyana kumeneku kumaoneka pokhapokha utatsegula mawu onse awiri m'dikishonale, n'chifukwa chake ndimaiika patsogolo, Baibulo n'kubwera pambuyo ngati chothandiza kumva mmene mawuwo amamvekera m'chiganizo. Mnyamata uja ndinamuuza kuti pa mayeso alembe "worked" ponena za ntchito ndi "wreaked havoc" ponena za chigumula, ndipo "wrought" angomuzindikira akakumana naye powerenga.