Ndemanga ya Player's Handbook ya 2014: amatsenga ndi osiyanadi, koma sanawagawire mofanana

Ndinagula buku la Player's Handbook la masewera a Dungeons & Dragons (masewera a patebulo amene osewera amatenga mbali m'nthano n'kumaponya madayisi), lija linatuluka mu 2014, ndipo kwa chaka ndi theka ndakhala ndikuligwiritsa ntchito monga woyendetsa masewera pa gulu la osewera 5 amene timakumana kawiri pamwezi. Mwa osewerawo, 4 anasankha atengambali amatsenga, Wizard, Sorcerer, Warlock ndi Cleric, ndipo mmodzi yekha ndiye anatenga Fighter, yemwe ndi msilikali womenya ndi zida. Tinayambira pa msinkhu 1 ndipo pano tafika pa msinkhu 9, choncho zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona ndi maso patebulo.

Chinthu chimene bukuli lachita bwino kwambiri ndi kusiyanitsa magulu. Mwa magulu 12 amene ali m'menemo, 6 amadalira matsenga pa moyo wawo wonse, ndipo lililonse limawapeza mwa njira yakeyake. Wizard amaphunzira kuchokera m'buku lake, Sorcerer amabadwa nawo m'magazi, Warlock amachita pangano ndi chamoyo champhamvu chimene chimamugawira, Cleric amalandira kwa mulungu amene amamutumikira, Druid amatenga ku chilengedwe, pomwe Bard amawatulutsa m'nyimbo ndi m'mawu. Kusiyana kumeneku sikuthera m'nthano chabe ayi, kunalowa ndithu m'malamulo, moti osewera awiri okhala moyandikana amaganiza mosiyana ikafika nthawi yawo. Ndinayesapo mtundu wa 2008 wa masewera omwewa, m'mene pafupifupi gulu lililonse linali ndi mphamvu zokonzedwa mwa dongosolo limodzi, ndipo ngakhale kuti kumeneko kunalibe madandaulo ambiri a kukondera, ine ndinkaona ngati aliyense wavala yunifolomu imodzi. Pa mfundo imeneyi buku la 2014 landisangalatsa.

Vuto limayamba munthu akayamba kuwerenga manambala. Titafika pa msinkhu 5, Wizard wathu anali ndi matsenga 14 m'buku lake popanda kukopera lina lililonse, chifukwa amayamba ndi 6 ndipo amawonjezera 2 pa msinkhu uliwonse. Mwa amenewo ankatha kukonzekera 9 m'mawa uliwonse, n'kuwasintha tsiku lotsatira ngati zinthu zasintha. Cleric, amene amasankha kuchokera pa mndandanda wonse wa gulu lake, ankakonzekera 9 kuphatikizapo 6 ena amene amabwera ndi utumiki wa mulungu wake. Sorcerer anali ndi 6 okha, ndipo ankaloledwa kusinthapo limodzi pokhapokha akakwera msinkhu. Ngakhale atafika pa msinkhu 17 adzakhala ndi 15, chiwerengero chimene Wizard amachipitirira ali pa msinkhu 6.

Zimenezi zinaonekera poyera usiku wina pamene gulu linalowa m'manda akale okhala ndi malemba achilendo pakhoma. Wosewera Wizard anatsegula pepala lake, n'kunena kuti achita Comprehend Languages ngati mwambo, zimene zimangowonjezera mphindi 10 koma osawononga mpata uliwonse wa matsenga (mipata yowerengeka imene wamatsenga amawononga akamachita matsenga ake). Atawerenga malembawo anachitanso Detect Magic mwa njira yomweyo, ndipo pogona anautsa Leomund's Tiny Hut kuti onse agone motetezeka. Nthawi yonseyi wosewera Sorcerer anali atangogwira tsaya, akugubuduza dayisi wake pakati pa zala, popeza gulu lake m'bukuli silichita miyambo yotere ndipo matsenga ake 6 onse anali a nkhondo. Sanadandaule, koma pobwerera anandifunsa ngati n'kotheka kuti mtengambali wake afe mwaulemu kuti ayambirenso ndi gulu lina.

Kunena zoona, Sorcerer ali ndi chake chimene ena alibe, chomwe ndi Metamagic, luso losintha mmene tsenga limagwirira ntchito polipira mapointi ake apadera, limene amalipeza pa msinkhu 3. Pabwalo la mfumu ina, pamene alonda anali atazungulira ndipo aliyense wotambasula dzanja akanagwidwa, iye analipira pointi imodzi ya Subtle Spell n'kuchita tsenga lake popanda kutulutsa mawu kapena kugwedeza chala, ndipo tebulo lonse linaombera m'manja. Tsiku lina anagwiritsa ntchito Twinned Spell kuika Haste, tsenga lowonjezera liwiro, pa Fighter ndi pa Cleric nthawi imodzi. Koma kuchita kumeneko kunamudyera mapointi 3 mwa 5 amene anali nawo tsiku lonse, ndipo pa Metamagic amangosankha mitundu 2 mpaka msinkhu 10. N'zodabwitsanso kuti Wizard anapatsidwa nthambi 8 zosankhapo, Cleric 7, koma Sorcerer 2 basi, ndipo imodzi mwa ziwirizo, Wild Magic, imadalira kuti woyendetsa masewera akumbukire kumuuza kuti aponye dayisi woona ngati pabuka matsenga osayembekezereka. Ine ndinkaiwala kawirikawiri.

Nkhani ya Warlock ndi ina, ndipo ndi imene yandiphunzitsa zambiri za mmene bukuli linapangidwira. Kuyambira msinkhu 2 mpaka 10 iye amakhala ndi mipata 2 yokha, pomwe anzake pa msinkhu 5 amakhala ndi 9. Chomulipira n'chakuti mipata yakeyo imakhala ya mlingo wa matsenga wapamwamba umene wafikapo ndipo imabwerera akangopuma ola limodzi, pomwe enawo amadikira mpumulo wautali wa maola 8 kuti mipata yawo yonse ibwerere. Olemba masewerawa anawerengera kuti pa tsiku limodzi la m'nthano gulu lidzakumana ndi nkhondo 6 mpaka 8 ndi mipumulo yaifupi 2, koma mfundo imeneyi ili m'buku lina, la woyendetsa masewera, ndipo wosewera wongogula Player's Handbook sangaidziwe. Ife timasewera maola 3 okha, ndipo nthawi zambiri nkhondo imakhala imodzi kapena ziwiri kenaka onse n'kukagona. M'kasewero kotere Wizard amakhuthula mipata yake yonse pa nkhondo imodzi mosadera nkhawa za mawa, pomwe Warlock akachita matsenga awiri amatsala ndi Eldritch Blast, tsenga losafuna mpata, mpaka mapeto. Tsenga limenelo si lofooka, pakuti limaponya dayisi wa mbali 10, pa msinkhu 5 limatulutsa mivi iwiri ya mphamvu, ndipo luso lotchedwa Agonizing Blast limawonjezerapo mphamvu, koma kubwereza chinthu chimodzi usiku wonse kumatopetsa ngakhale chikupha adani. Nditayamba kukonza maulendo aatali okhala ndi malo opumirapo ola limodzi, Warlock yemweyo anasanduka msanamira ya gulu, ndipo Wizard anayamba kuumira ndi mipata yake.

Lamulo limodzi ndiliyamikire mwapadera, lija loti munthu sangagwirizize matsenga awiri ofuna kuika maganizo pa nthawi imodzi, ndipo akavulazidwa ayenera kuponya dayisi kuti tsengalo lisamupulumuke. Lamulo limeneli limaletsa amatsenga kuunjika zodzitetezera, komanso limapatsa Fighter ntchito yeniyeni yotchinga anzake. Ngakhale zili choncho, kuyambira pamene Fireball inafika ndi madayisi 8 a mbali 6 pa adani onse a malo amodzi, wosewera Fighter anayamba kuona kuti kumenya kwake kawiri sikukufanana nayo. Za Druid ndi Bard sindinena zambiri, popeza tinangowaona kwa mlendo amene anasewera nafe masabata ochepa, kupatula kuti Druid wa nthambi ya Circle of the Moon wosanduka chimbalangondo pa msinkhu 2 anachititsa Fighter wathu manyazi.

Bukulo palokha ndi lolimba ndipo zithunzi zake n'zokongola, koma matsenga analembedwa motsata alifabeti popanda kusonyeza pa tsenga lililonse gulu limene lingaligwiritse ntchito, choncho munthu amangotembenuzira masamba uku ndi uku pakati pa mndandanda ndi mafotokozedwe.

Ndikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Kwa amene akufuna kuligula, ndinganene kuti wosewera watsopano amene akufuna matsenga ayambe ndi Cleric, ndipo amene wakopeka ndi Warlock afunse kaye woyendetsa masewera kuti gulu lake limapuma kangati. Patebulo pathu ndinalola Sorcerer kuwonjezera matsenga 2 ogwirizana ndi magazi ake pa mlingo uliwonse wa matsenga mpaka wachisanu, ndipo mtengambali uja amene ankafuna kumupha adakali moyo.